Alendo a Ukwati Sanabwere Kudzamaliza Mzinda

Masiku ano khadi loitanira anthu ku ukwati wochitikira mumzinda waukulu silibwera lokha. Limatsagana ndi kapepala kapena uthenga wa pafoni wofotokoza za malo ogona ndi mayendedwe, ndipo kumapeto kwake akwati amaikako mndandanda wa malo amene alendo angakaone akafika. Cholinga cha mndandandawo n'chabwino, chifukwa munthu amene wapempha tchuthi kuntchito, walipira ndege kapena basi ya ulendo wautali, n'kubwera kudzasangalala nanu, ndi woyenera kubwerera kwawo ataonako kanthu mumzinda umene mwamuitanira. Chimene chimandidandaulitsa ndi mmene mndandandawo umalembedwera. Kawirikawiri umakhala wautali, wa malo otchuka okhaokha amene aliyense angawapeze pa intaneti mosavutikira, ndipo sunena kuti malowo atalikirana bwanji ndi kumene alendo akugona, amatsekedwa tsiku liti, kapena amafuna maola angati kuti munthu akalowe ndi kutuluka. Akwati amaona ngati achereza bwino alendo awo, pamene kwenikweni awasenzetsa ntchito yosankha, ntchito imene mwini mzinda akanaigwira mosavuta koma mlendo sangaithe. Maganizo anga ndi akuti akwati azisankha malo awiri kapena atatu okha, apafupi ndi kumene alendo akugona, otheka kuwaona pa nthawi yochepa imene ukwati wasiya, ndipo azilimba mtima kuwauza alendowo poyera kuti malo ena otchuka kwambiri aja awasiye kaye mpaka ukwati utatha.

Tiyambe ndi kuwerengera nthawi, popeza apa ndi pomwe ambiri amadzinamiza. Maukwati ambiri amachitika Loweruka. Mlendo wochokera kutali amafika Lachisanu, nthawi zambiri masana kapena madzulo, ndipo asanaganize zotuluka amayenera kupeza chipinda chake, kutulutsa zovala m'sutikesi, kufufuza pomwe angasitire suti kapena diresi imene yakwinyika m'njira, ndi kulonjerana ndi abale amene sanaonane nawo kwa zaka zambiri, ndipo malonje a abale otero satha msanga. Loweruka lonse ndi la ukwati, kuyambira kukonza tsitsi m'mawa mpaka gule wa usiku. Lamulungu munthu amadzuka mochedwa, a hotela akufuna chipinda chawo nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo ngati ali ndi ndege yopita kudziko lina ayenera kukhala ali pabwalo la ndege kudakali maola atatu kuti inyamuke. Mukachotsera zonsezi, zimene zimatsala ndi maola ochepa a Lachisanu madzulo, mwina ola limodzi kapena awiri Loweruka m'mawa kwa amene sali nawo m'zokonzekera, ndi kagawo ka Lamulungu. Munthu amene wabwera kudzayendera mzinda amakhala ndi masiku ake onse m'manja, amadzuka nthawi imene wafuna, ndipo akasochera njira amangoseka. Mlendo wa ukwati ali ndi ola limene sayenera kuliphonya, ndipo china chilichonse chiyenera kulipatsa malo olalo.

Thupi nalonso lili ndi mbali yake. Munthu wochoka ku Johannesburg kupita ku New York amapeza kuti nthawi yabwerera m'mbuyo ndi maola 6 kapena 7 malinga ndi nyengo, choncho tulo timamugwira dzuwa likadali poyera ndipo amadzidzimuka pakati pa usiku. Mizinda ina ikuluikulu ili pamtunda kwambiri: Johannesburg yemweyo ali pa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, Mexico City ili pa mamita 2,240, ndipo Addis Ababa ili pamwamba kuposa pamenepo. Mlendo wochokera kumalo otsika amatopa msanga pa masiku oyamba, makamaka akakhala wachikulire. Kumutuma munthu wotere kuti akazungulire mzinda tsiku lonse Lachisanu ndiko kumukonzera kudzasinza pa nthawi ya malumbiro.

Malo otchuka kwambiri ndi amenenso amafuna nthawi yaikulu, ndipo zimenezi sizilembedwa pa mindandanda ija. Ku Cape Town, aliyense wolemba za mzindawu amatchula Robben Island, chilumba chimene Nelson Mandela anakhalako zaka 18 mwa zaka 27 zimene anali m'ndende. Malowo ndi oyeneradi kuwaona, koma kuti ukafikeko umakwera sitima yapamadzi pa doko la V&A Waterfront, ndipo ulendo wonse, kupita, kuzungulira ndende ndi kubwerera, umatenga maola pafupifupi anayi. Ukafika pachilumbapo sungathe kunena kuti nthawi yandithera ndibwerere, chifukwa umadikira sitima imene yakonzedwera gulu lako, ndipo nyanja ikakalipa maulendowo amaimitsidwa. Phiri la Table Mountain lili mumzinda momwemo, ndipo kuyambira mu 1929 anthu amakwera pamwamba pake ndi timagalimoto toyenda pachingwe, koma mphepo ikakula timagalimototo timaleka kuyenda, ndipo mtambo ukaphimba phirilo palibe chooneka. Ku New York nkhani ndi yomweyi. Kuti ukafike pa chiboliboli cha Statue of Liberty umayamba waima pamzere ku Battery Park, kusechedwa monga amachitira pabwalo la ndege, kuwoloka pa sitima, kenaka kudikiranso sitima yobwerera, ndipo ukaphatikizapo chilumba chapafupi cha Ellis Island theka la tsiku lapita. Ku Paris, myuziyamu ya Louvre imaonetsa zinthu pafupifupi 35,000, ndipo mu 2023 inalandira anthu pafupifupi 9 miliyoni. Ambiri mwa iwo amalunjika kuchipinda chimodzi chomwecho chimene muli chithunzi cha Mona Lisa, kumene munthu amakankhana ndi khamu kuti aone kwa kanthawi kachithunzi kotchingidwa ndi galasi. Wina akalemba mayina a malo onsewa pa mndandanda umodzi popanda chenjezo, mlendo amaganiza kuti ndi malo ongodutsapo.

Zotsatira zake n'zodziwika kwa aliyense amene anathandizapo kukonza ukwati wa mumzinda. Ukwati uli 2 koloko masana, basi yotenga alendo ikunyamuka pahotela 1 koloko, ndipo pamene mlongo wa mkwatibwi akuwerenga anthu akupeza kuti amalume ndi akazi awo palibe. Akuimba foni. "Amalume, muli pati? Basi ikufuna kunyamuka." Yankho likubwera mkati mwa phokoso la anthu: "Tili pamzere wa chikepe chotsikira, mwana wanga, tifika posachedwapa, auzeni adalaivala atidikire pang'ono." Suti yawo ikadali pabedi m'chipinda, sanasambe, ndipo pakati pa nsanja yotchuka imene akwera ndi hotela pali misewu yodzaza magalimoto. Mtsikanayo ayenera kusankha pakati pa kuchedwetsa anthu onse ndi kusiya amalume a mkwatibwi, ndipo chilichonse chimene angasankhe chidzakambidwa pabanjapo kwa nthawi yaitali. Amalumewo sanalakwe dala. Anaona nsanjayo pa mndandanda umene anapatsidwa, anadzuka m'mamawa, ndipo palibe amene anawauza kuti kukwera nsanja yotchuka Loweruka kumatanthauza mzere pokwera ndi mzere wina potsika. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pano mlandu waukulu ndikuuika pa amene anamuonetsa mlendo zokoma zonse nthawi imodzi osamuuza kuti angakwanitse chimodzi chokha.

Palinso nkhani ya masiku otseka, imene ndi yaing'ono koma imakhumudwitsa anthu ambiri. Louvre imatsekedwa Lachiwiri, pamene myuziyamu ya Musée d'Orsay ndi nyumba yachifumu ya ku Versailles zimatsekedwa Lolemba, tsiku lomwelo limene mlendo wotsalira ukwati utatha amakhala ndi mpata. Mamyuziyamu a ku Vatican satsegula Lamulungu kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi, ndipo tsiku limenelo, popeza kulowa kumakhala kwaulere, mzere wake umakhala wautali kwambiri. Msika waukulu wa Grand Bazaar ku Istanbul nawonso umatsekedwa Lamulungu. Malo opembedzeramo ali ndi malamulo ake a kavalidwe: m'tchalitchi cha St Peter's ku Vatican salola mapewa ndi mawondo kukhala pamtunda, ndipo Hagia Sophia ya ku Istanbul, imene inamangidwa m'chaka cha 537, inakhalanso mzikiti mu 2020, choncho alendo amayenera kulemekeza nthawi za mapemphero ndipo amayi amafunda kumutu. Wokhala mumzinda amazidziwa zimenezi, kapena angathe kuzifufuza madzulo amodzi. Mlendo amazidziwira pakhomo, atalipira kale takisi.

Mndandanda wabwino umayambira pakhomo la hotela imene alendo ambiri akugona, osati pa chithunzi chotchuka cha mzinda. Wolembayo adzifunse kuti munthu amene ali ndi maola awiri, wavala nsapato wamba, ndipo sadziwa mayendedwe a sitima zapansi pa nthaka, angakafike kuti n'kubwerako mtima uli m'malo. Akayankha funso limeneli moona mtima adzapeza kuti mizinda ikuluikulu yambiri ili ndi njira zachidule zoionera, ndipo zambiri mwa njirazo sizifuna tikiti. Ku New York kuli sitima yowolotsa anthu yotchedwa Staten Island Ferry, imene anthu amakwera ulere kuyambira mu 1997, imayenda usana ndi usiku, imawoloka m'mphindi pafupifupi 25, ndipo imadutsa poti Statue of Liberty ndi nyumba zazitali za Manhattan zimaoneka bwino. Munthu amapita n'kubwerera pa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Kulinso High Line, paki imene inatsegulidwa mu 2009 pa njanji yakale yodutsa m'mwamba, yotalika makilomita 2.3, imene munthu angatsikepo paliponse pamene pali masitepe nthawi ikamuthera. Ku London, kuyenda pansi m'mbali mwa mtsinje wa Thames kuchokera pa mlatho wa Westminster kukafika pa Tower Bridge ndi makilomita pafupifupi 4, ndipo m'njiramo munthu amaona nyumba ya malamulo, tchalitchi cha St Paul's kutsidya kwa mtsinje, ndi Tate Modern, myuziyamu imene inatsegulidwa mu 2000 m'nyumba imene kale munkapangidwa magetsi. Ku Paris, nsanja ya Eiffel imaoneka bwino koposa munthu akaima pabwalo la Trocadéro, kutsidya kwa mtsinje wa Seine, ndipo usiku magetsi ake amathwanima kwa mphindi 5 kumayambiriro kwa ola. Amene wakwera nsanjayo amaona mzinda wonse kupatula nsanja yomweyo imene anaidzera. Ku Istanbul, sitima wamba zimene anthu amakwera popita kuntchito zimawoloka Bosphorus kuchoka ku Ulaya kupita ku Asia pa nthawi yosakwana theka la ola. Maulendo onsewa ali ndi khalidwe limodzi limene ndimaliona kukhala lofunika koposa kwa mlendo wa ukwati, lakuti munthu angathe kuwadukiza kapena kuwafupikitsa akayang'ana wotchi.

Kusalipiritsa kwa malo otere kuli ndi phindu lina limene anthu sakonda kulitchula. Pa alendo a ukwati umodzi pamakhala ena amene ulendowo sunawapweteke m'thumba, ndi ena amene anasunga ndalama miyezi yambiri, mwinanso kukongola, kuti asasowe pa tsiku la mbale wawo. Onse alipira mayendedwe, malo ogona, zovala ndi mphatso. Akwati akalemba malo olipiritsa okhaokha, kapena akakonza ulendo wa gulu wa basi yapadera ndi matikiti odula n'kunena kuti aliyense adzilipirire, amakhala akuika ena mwa alendo awo pamalo ochititsa manyazi, chifukwa palibe amene amafuna kunena pamaso pa apongozi atsopano kuti ndalama zandithera. Munthu wotere amangoti mutu ukundipweteka, n'kutsala m'chipinda. Ndi chifukwa chake ndimayamikira kwambiri wolemba amene amatchula kuti ku London mamyuziyamu akuluakulu a boma, monga British Museum ndi National Gallery, salipiritsa polowa kukaona zinthu zimene zimakhalamo nthawi zonse, kapena kuti mamyuziyamu a Smithsonian ku Washington ndi aulere. Kumalo aulere munthu amalowa, n'kuona zipinda ziwiri kapena zitatu, n'kutuluka osadandaula, pamene amene walipira tikiti yodula amadzikakamiza kuzungulira mpaka mapazi atatupa kuti ndalama yake isapite pachabe.

Achikulire ndi ana ndiwo amaiwalika msanga pa mindandanda imeneyi, mwina chifukwa olemba ake amakhala achinyamata ozolowera kuthamangira sitima. Sitima zapansi pa nthaka za ku London zinayamba kuyenda mu 1863, ndipo masiteshoni ambiri mpaka lero alibe njira yofikira pa sitima popanda kuponda masitepe. Ku Paris zinthu n'zovuta kuposa pamenepo, popeza masiteshoni ambiri a Métro ndi a masitepe okhaokha. Kwa agogo amene bondo limawavuta, kapena mlendo woyenda pa njinga ya olumala, kapena mayi wokankha mwana pa kangolo, mawu akuti malowo ali pafupi, ndi masiteshoni atatu okha, sathandiza kanthu. Iwo akufuna kudziwa ngati pali chikepe, ngati pali benchi yopumirapo, ngati pali chimbudzi pafupi, ndi ngati basi ya pamsewu ingawafikitse pakhomo. Munda wamaluwa monga Kirstenbosch ku Cape Town, umene unakhazikitsidwa mu 1913 m'munsi mwa Table Mountain, kapena paki iliyonse yaikulu ya pakati pa mzinda, imawasangalatsa onse pamodzi, chifukwa ana amathamanga, achikulire amakhala pamthunzi, ndipo wofuna kuyenda amayenda.

Pali mtundu wina wa malo umene ndikufuna kuukambapo mosamala, chifukwa pa nkhani imeneyi ndimasiyana maganizo ndi anthu ambiri amene ndimawalemekeza. Mizinda ikuluikulu imasunga zikumbutso za masautso amene anthu ake anadutsamo. Ku Johannesburg kuli Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001, ndipo ku Soweto kuli myuziyamu yokumbukira Hector Pieterson ndi ana asukulu amene anawomberedwa pa 16 June 1976. Ku New York kuli malo okumbukira anthu amene anafa pa chiwembu cha zigawenga cha pa 11 September 2001. Ku Amsterdam kuli nyumba imene Anne Frank, mtsikana wachiyuda, anabisalamo ndi banja lake pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Malo amenewa amapezeka pa mindandanda ya ukwati atalembedwa pakati pa msika ndi malo ojambulirapo zithunzi, ngati kuti zonse ndi zofanana. Sindikunena kuti mlendo asapiteko. Ndikunena kuti malo otere amafuna munthu wodekha, amene ali ndi nthawi yowerenga zolembedwa m'makoma, kuima chilili kwa kanthawi, ndi kutuluka mwakachetechete. Munthu amene wazungulira Apartheid Museum monga mmene iyenera kuzunguliridwira amatuluka mtima utalemera, ndipo sizoona kuti pakatha maola awiri akhala akuvina mokondwa. Amene wangodutsamo mothamanga kuti akapeze basi ya ukwati sanawapatse ulemu anthu amene akukumbukiridwawo. Malo amenewa alembedwe padera, ndi mawu omveka akuti ndi a tsiku la pambuyo pa ukwati, kwa amene atsalire.

Wina anganditsutse, ndipo mfundo yake ili ndi mphamvu. Anganene kuti kwa alendo ambiri ukwatiwo ndi mwayi wokhawo pa moyo wawo wofika mumzinda umenewo, popeza chitupa cha visa chimavuta kupeza ndipo tikiti ya ndege ndi yodula, choncho n'kulakwa kumuuza munthu amene wafika ku Paris kamodzi kokha kuti asakwere nsanja ya Eiffel, kapena amene wafika ku Cairo kuti asapite ku mapiramidi a ku Giza. Ndikuvomereza kuti chilakolako chimenecho n'choyenera, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wochinyoza. Koma chifukwa chomwecho chakuti mwayiwo ndi umodzi ndicho chikufuna kuti malowo aonedwe bwino. Njira yake ndi kuwonjezera tsiku limodzi kapena awiri ukwati utatha, pamene palibenso ola loopa kuliphonya, pamene mphepo ikaletsa kukwera phiri lero munthu angayesenso mawa. Masiku owonjezerawo akhale pambuyo pa ukwati osati patsogolo pake, chifukwa munthu amene wayenda masiku awiri m'misewu ya mzinda amafika pa mwambo ali ndi matuza kumapazi, ndipo nsapato za ukwati sizimvera chisoni matuza. Amene sangakwanitse tsiku lowonjezera asankhe chinthu chimodzi chokha chimene mtima wake ukufuna koposa, agule tikiti yake ya ola lodziwika, ndipo olalo likhale la Lachisanu kapena Lamulungu. Paki ya nyama zakutchire ya Nairobi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1946 m'malire mwenimweni mwa mzindawo, ndi chitsanzo chabwino: nyama zimaoneka bwino m'bandakucha, choncho amene akufuna kuona mikango ndi zipembere nyumba zazitali za mzinda zikuonekera patali akonze galimoto ya Lamulungu kapena Lolemba m'mawa, osati m'mawa wa tsiku la ukwati.

Winanso anganene kuti akwati ali kale ndi zambiri pamutu, ndipo aliyense masiku ano ali ndi foni yokhala ndi mapu, choncho alendo adzionere okha. Mbali yoyamba ya mfundoyi ndi yoona, ndipo yankho lake n'losavuta: ntchitoyi ipatsidwe kwa mnzawo kapena mbale wokhala mumzindamo, amene nambala yake ilembedwenso pa kapepalako kuti wosochera aziimbira iyeyo osati mkwatibwi amene ali pa mpando wokonzetsa tsitsi. Mbali yachiwiri sindikugwirizana nayo. Foni imadziwa malo amene anthu ambiri amapitako, ndipo imatha kuwerengera mphindi za ulendo, koma siidziwa kuti basi ya ukwati inyamuka 1 koloko, kuti m'gulumo muli agogo oyendera ndodo, kapena kuti msewu wina umene ukuoneka wachidule pa mapu si woyendamo mlendo dzuwa likalowa. Za chitetezo makamaka, mwini mzinda alankhule mosabisa ndiponso mosaopseza, kuti pamalo akutiakuti samalani foni ndi chikwama chifukwa opisa m'matumba amakonda pamene pali khamu, ndi kuti usiku gwiritsani ntchito takisi za mtundu wakutiwakuti. Anthu ena amachita manyazi kunena zotere poopa kunyozetsa mzinda wawo, koma mlendo amene waberedwa pasipoti Lachisanu amathera nthawi ya ukwati ku polisi ndi ku ofesi ya kazembe, imene nthawi zambiri imakhala yotseka Loweruka ndi Lamulungu.

Chimene ndimachilakalaka koposa pa mindandanda imeneyi, ndipo sindichiona kawirikawiri, ndi malo a akwati eni ake. Alendo anabwera chifukwa cha anthu awiriwa, ndipo ambiri mwa iwo, makamaka makolo ndi abale okhala kutali, sadziwa moyo umene ana awo amakhala mumzindamo. Amangomva pafoni kuti ndili kuntchito, ndili pa sitima, tikupita kokayenda. Akwati akalemba kuti paki iyi ndi imene timakonda kukhalamo Lamulungu masana, mlatho uwu ndi umene tinkakumanapo tikaweruka, benchi ya pafupi ndi chipata ndi pamene tinagwirizana zokwatirana, amakhala atapatsa alendo chinthu chimene buku lililonse la malo okopa alendo silingawapatse. Mayi amene wakhala pa benchi imeneyo kwa mphindi zochepa, n'kuona msewu umene mwana wake amadutsa tsiku ndi tsiku, amabwerera kwawo ali ndi chithunzi cha moyo wa mwanayo, ndipo akamadzalankhulana pafoni amadziwa malo amene akunenedwa. Malo otere amakhalanso apafupi, opanda mizere, ndipo amapereka mpata wakuti mabanja awiri amene sakudziwana ayende limodzi. Anthu amene sanazolowerane amalankhulana mosavuta akamayenda mbali ndi mbali n'kumaloza zinthu kusiyana ndi pamene akhazikidwa moyang'anizana patebulo atavala za ukwati. Ulendo wa pamodzi wotere ndi wabwino ukakhala waufupi, wa Lachisanu madzulo, wothera pafupi ndi hotela, ndipo wosakakamiza, kuti wotopa atsale osafunsidwa chifukwa.

Zonsezi zimakwana pa tsamba limodzi. Malo awiri kapena atatu a maola ochepa alembedwe pamwamba, aliwonse ndi mtunda wake kuchokera pahotela, nthawi imene amatenga kupita ndi kubwerera, ngati ali olipira kapena aulere, ndi ngati ali ndi masitepe. Pansi pake pakhale ola limene aliyense ayenera kukhala atabwerera pahotela Loweruka, lolembedwa m'zilembo zazikulu. Malo akuluakulu aja akhale m'gawo lachiwiri la otsalira ukwati utatha, pamodzi ndi masiku amene amatsekedwa. Gawo lachiwirili ndilo limafuna kuti kapepalako katumizidwe limodzi ndi khadi, miyezi ingapo ukwati usanafike, osati kugawidwa pahotela alendo atafika kale. Munthu amasankha tsiku lobwerera pamene akugula tikiti ya ndege, ndipo kulisintha pambuyo pake kumakhala kodula. Matikiti a nyumba ya Anne Frank amagulidwa pa intaneti pokha, a ola lodziwika, ndipo amatha msanga, pamene okwerera kuchisoti cha Statue of Liberty amatha kudakali milungu kapena miyezi, choncho mlendo amene wauzidwa za malowa ali kale mumzinda sangalowemo ngakhale atatsala ndi masiku atatu.